Telala amene anaphunzitsa Kaputeni Chiswahili

Malume anga a Mihambo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Tabora, pa makina obwereka. Anali munthu wolongolola. Ukapititsa kabudula wong'ambika, unkabwerako utamva za maukwati atatu ndi mtengo wa uchi.

Chaka chimene ine ndinakwatiwa, kuboma kunabwera Kaputeni Lidstone. Gulu lake la asilikali ku Ulaya linamubwereketsa kuti adzagwire ntchito ya mu ofesi zaka zitatu. Pamwamba pa malipiro ankalandira ndalama ya nyumba ndi ya ulendo, koma panalinso ina yonona, imene boma linkapatsa mzungu wokhoza mayeso a Chiswahili. Mayesowo iye anali atalephera kawiri.

Tsiku lina anabwera ndi jekete kuti amuchepetsere, n'kuyamba kufotokoza akuwerenga m'kabuku. Malume anamvetsera mpaka anamaliza.

"Bwana, Chiswahili chimenechi munagula kuti? Pitani akakubwezereni ndalama zanu."

Ife tinkaganiza kuti malume aziputa, koma Kaputeni anaseka mpaka kutsokomola, kenako anawapempha kuti azimuphunzitsa. Malume anavomera, koma anati kabukuko kazitsala kunyumba. Kaputeni akaweruka ankabwera kudzakhala pa bokosi la sopo, kulonjera makasitomala, kuwayeza m'chiuno ndi kunenerera mitengo. Amene ankamuseka kwambiri anali Kalunde, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pafupi pomwepo. Akaphonya liwu, Kalunde ankamumana chitumbuwa mpaka alitchule bwino.

Patatha miyezi isanu analowanso mayeso, malume akudikira panja pansi pa mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu. Omuyesa anangomufunsa njira ya ku Nzega. Iye anawauza njirayo, n'kuwonjezera za mvula, za mlatho wothyoka ndi za mlamu wa dalaivala, mpaka anachita kumuletsa. Anakhoza.

Ndalama yonona ija itatuluka anaigawa pakati n'kupatsa malume theka, ngakhale kuti sanapangane zimenezo. Malume anagula makina awoawo, ndipo mlungu wonse sankalola munthu kuwakhudza.

Nthawi yonseyi malume ankamufuna Kalunde, koma iye akangoyandikira, kulongolola konse kunkatha. Kaputeni anaziona. Loweruka lina anavala jekete lake lija, n'kupita kwa achimwene ake a Kalunde kukafunsira mbeta m'malo mwa mphunzitsi wake. Akuti analankhula ola lathunthu. Kalunde anatulukira kuseri kwa nyumba.

"Mwana wasukulu wayankhula bwino. Nanga aphunzitsiwo pakamwa anasiya kuti?"

Madzulo ake malume anapita okha. Anakwatirana mvula isanagwe, ndipo Kaputeni anavina paukwatipo moti ana ankagubuduzika ndi phwete.

Zaka zake zitakwana anabwerera ku gulu lake. Malume anaphunzitsanso azungu ena awiri, koma ankati onsewo anali ouma mutu. Anasokabe pakhonde lomwelo mpaka maso anayamba kuchita chidima, ndipo ana awo anayi onse anapita kusukulu.