Mafunso ndi a Chaka Chamawa

Ku koleji ya mishoni anatiphunzitsa kuti mwana ayambe waloweza, kufunsa kubwere pambuyo, luso la kulankhula pomaliza. Njira imeneyi, yochokera kwa Agiriki akale, ndinkaitama ngati ndinaiyambitsa ndine, makamaka Lamulungu pophunzitsa ana a Amalawi katekisimu m'galaja ya tchalitchi ku Bertrams, dera lina la ku Joni.

Mkazi wanga atangomwalira kumene, tinafika pa phunziro la kuuka kwa akufa. Esinati, mtsikana yemwe bambo ake anafera pangozi m'fakitale ku Marlboro, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, ife tikubwerera ku Dedza, koma adadi tinawaika konkuno ku Joni. Podzauka adzaidziwa njira? Nanga akazi anu?"

Funso lomweli linkandisowetsa mtendere inenso. Ndinakonza tayi.

"Mafunso ndi a chaka chamawa, Esinati. Iwe ukadali pa kuloweza. Bwereza yankho lija."

Anabwereza osaphonya liwu, ine n'kuwauza anzake kuti amuombere m'manja. Ameneyotu ndiye ine, katswiri wa maphunziro uja, kubisala kuseri kwa nzeru za Agiriki poopa mwana wa sitandade thuu.

Chaka chamawacho Esinati anali ku Dedza.