Anati timufunditse mabulangete munthu wopsa ndi dzuwa

Mkazi wanga NyaMsiska sanafe ndi malungo. Papepala analemba choncho, koma ndi bodza, ndipo landikhala pakhosi zaka zonsezi.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi ya chipani chimodzi. Amayi onse a kwathu ku Vinthukutu anaitanidwa kukayeserera magule olandirira akuluakulu. Kukana kunalibe. Anayamba 8 koloko m'mawa, pabwalo lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Madzi akumwa? Anati mukamaliza.

Cha m'ma 12 mkazi wanga anadandaula mutu ndi chizungulire, thukuta lili kamukamu. Atapempha kukapuma pamthunzi, wapampando wa amayi anati ndi ulesi. 1 koloko NyaMsiska anagwa.

Tinamunyamula pangolo, n'kufika kuchipatala chaching'ono 2:30. Thukuta linali litasiya. Khungu louma, lotentha ngati chiwaya, akubwebweta zosamveka. Pakhomo anayamba ndi kufunsa khadi la chipani. Munthu akukomoka, inu khadi?

Dokotala anabwera 3:15 akutokosa m'mano. Anangomugwira pachipumi, basi, malungo. Anamubaya jakisoni, n'kulamula kuti timufunditse mabulangete awiri kuti atuluke thukuta. M'chipinda cha malata, mawindo otseka!

Ndinati, "Adokotala, ni zuwa ili. Wagwera ku magule, chiyambire m'mawa sanamwe madzi."

Anasuzumira kukhomo, n'kutsitsa mawu. Anandifunsa ngati ndikutanthauza kuti magule a chipani amapha anthu. Anati ngati ndi choncho ndimupatse dzina langa lonse ndi mudzi, alembe. Dzina sindinamupatse. Tonse tinkadziwa kumene mapepala otere ankathera.

NyaMsiska anatisiya 5:40, ali m'mabulangete.

Patapita zaka, namwino wina wa kumpingo kwathu ndiye anandimasulira. Munthu akachita chizungulire padzuwa, akhale pamthunzi, amwe madzi. Akafika posiya thukuta n'kumabwebweta, imfa ili pafupi: m'masuleni zovala, m'thireni madzi thupi lonse, m'kupizeni mphepo, uku mukuthamangira kuchipatala. Osam'funditsa. Abale anga, wina akakuuzani zofunditsa, kanani, kaya wavala zoyera.

Madzi! Mtsuko wodzaza unali pakhonde la chipatala pomwepo, ndinaulambalala polowa. Ndimapsa mtima mpaka lero.

Tsono adokotala inu, ngati mukadali moyo, ndiyankheni. Simunadziwe, kapena munadziwa n'kuopa? Ine zanga ndavomera. Ndinaopa. Bulangete lachiwiri lija ndinamufunditsa ndi manja angawa.