Lachinayi la Lamont

Kiyi anakanda chitseko kawiri asanapeze bowo. Ndinagoneka mwana n'kukaima pakhomo.

Mwamuna wanga Lamont anasiya mowa zaka zitatu zapitazo, banja litatsala pang'ono kutha. Chaka chino wapeza ntchito kukampani ya inshuwalansi kuno ku Chicago, ndipo Lachinayi lililonse akaweruka, abwana awo amatengera antchito onse kubala yapamwamba ya m'tauni. Iye amaitanitsa soda wothira ndimu kuti azioneka ngati akumwa nawo.

Atalowa ndinamununkhiza.

"Wasanduka wapolisi tsopano?" anaseka, koma maso ali pansi.

"Wamwa?"

"Abwana anaitanitsira tebulo lonse wisiki. Atakweza matambula, onse ankandiyang'ana. Ndangonyowetsa milomo, Renita. Wotsalayo ndangomugwira mpaka ayezi kusungunuka."

"Uwauze zoona."

"Zoti ndinali chidakwa? Nkhani zokweza anthu pantchito zimakambidwa patebulo pomwe paja."

Anamasula tayi. Ntchitoyi ndi imene ikutisunga, ndipo ine kubalako sindingalowe naye.

Anakatsuka m'kamwa, kenako anaima nthawi yaitali akuyang'ana mwana.

"Lachinayi ndipitanso," anatero. "Ndikakhala kumapeto kwenikweni kwa tebulo."