Chitupa cha Zaka Ziwiri, Mbewu ya Zaka Zitatu

Clotilda, mayi ake a Tisungane, samva za munthu, ndipo ine mnzake ndinatopa kalekale kumulangiza. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Clondalkin. Mu 2005 anamupatsa chitupa chokhalira muno mu Ireland zaka ziwiri zokha, poti mwana wake anabadwira konkuno. Za pambuyo pa zaka ziwirizo palibe ankadziwa.

Novembala wa chaka chomwecho, nkhalamba ina imene ankaisamalira inamwalira, ana ake n'kugulitsa dimba kuti pamangidwe nyumba ina, monga ankachitira aliyense masiku amenewo. Omanga asanafike, Clotilda anadula timitengo tisanu ndi kamodzi pa zitsamba za redcurrant, zija zobereka tizipatso tofiira tolendewera ngati mikanda. Anakatizika kuseri kwa nyumba yake ya lendi, mopendeketsa, monga amadzalira chinangwa kwawo ku Nkhotakota.

Mlongo wake Ellard, wa ntchito ku bwalo la ndege, anangopukusa mutu.

"Achemwali, izi zimabereka after three years. Ma papers anu ndi a two years. Mukudzalira landlord?"

"Ndikudzalira pakamwa pangapa," anatero Clotilda.

Timitengo tiwiri tinauma. Tinayi totsalato ankatithirira manyowa, kupalira, kudulira nthambi m'nyengo yozizira zala zili gwa. Enafe a zitupa zomwezo nthawi imeneyo sitinkapachika ndi chithunzi chomwe pakhoma, masutikesi ali chire pamwamba pa wodiropu. Kunena zoona ankandipsetsa mtima, chifukwa ndikaona timitengo takewo mantha anga ankaonekera poyera.

Epulo wa 2007 anafika. Chitupa chinatsala ndi miyezi iwiri, pempho loonjezera masiku linali litapita, yankho zii. Tsiku lina ndinamupeza atagwada kudimba. Zitsamba zija zinali zitatulutsa timaluwa toyamba, tochepa, iye akutithothola n'kumataya.

"Iwe Clotilda, mutu ukuyenda bwino? Tisiye timaluwato! Ulaweko kangachepe asanakukweze ndege."

"Zikabereka zili zanthete chonchi zimafooka," anayankha osadzuka. "Chaka chino zilimbitse mizu. Next year ndidzakolola zodzaza beseni."

"Nanga letter ija ikabwera yoipa?"

Anandiyang'ana, maso ali psuu, ndipo ndinaona kuti nayenso akuopa ngati ine ndemwe. Kenaka anagwira kaphava komaliza n'kukathothola.

"Sindidya mothamanga ngati mlendo," anatero. "Ndipatsire manyowawo."