Ana a M'kati mwa Chitsulo

Mkulu amene anandiphunzitsa ntchito pa fakitale yathu yosungunula zitsulo ku Monterrey anapuma kalekale, koma Lachisanu lililonse amabwerabe, atatinyamulira ma taco, tizitumbuwa tachimanga topyapyala tokulungamo nyama, m'kapepala. Maso ake anachita ng'ala. Kwa zaka makumi atatu ankasuzumira mu maikulosikopu, galasi lokulitsa tinthu ting'onoting'ono, kuyang'ana timiyala tolimba ta m'kati mwa chitsulo, tija timati makabaidi. Iye amangoti "ana anga."

"Akamwazikana bwino, chitsulo chimadula chinzake osabuntha," amatero. "Akagwirana manja pamzere, chimasweka ngati mbale."

Sabata yatha chitsulo chodulira malata chimene tinaumba chinathyokera kwa kasitomala. Ndinadulako kachidutswa, n'kukapukuta mpaka kuwala, koma pagalasi ndinangoona timaenje. Ndinalemba kuti ndi mpweya umene unatsekeredwa pothira, ndipo Nicanor, wothira chitsulo, ntchito ikanamuthera.

Lachisanu litafika, mkuluyo anakhala pambali panga. "Tandiuza, Chayo, timaenjeto n'tozungulira?"

"Ayi bambo, tili ndi makona. Tandandalika pamzere."

"Iwe! Wapukuta ngati ukukwecha poto, wazula ana anga m'malo mwawo! Mpweya suchita makona. Vuto si la pothira ayi, chitsulochi sichinakhalitse mu ng'anjo. Musiyeni Nicanor."

Ndinapukuta kachidutswa kena mofatsa, ndipo ana aja anaonekadi, oyera mbee, atagwirana manja. Mkuluyo anandisuntha, n'kuika diso lake pagalasi. Anakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Mukuona chiyani, bambo?" ndinafunsa.

"Chifunga chokhachokha," anatero, osadzutsa mutu. "Tandiuzanso mmene akuonekera, mwanawe. Usafulumire."