Chigayo Changa Chinafulatira Msewu

Anthu odutsa kwa Kalembo amaseka kuti chigayo changa chinafulatira msewu, khomo linaloza kutchire. Aseke! Womanga ndine.

Chaka chimenecho ndinaumba zidina, njerwa zosawotcha zija, poti nkhuni za uvuni zinkasowa. Zidina ndi mvula sizimwerana madzi. Ikakupeza usanafolere, thukuta lako lonse labwerera kumatope. Ndiye ndinali paliwiro.

Tikukumba maziko, khasu linatulutsa mapale a miphika amizeremizere ndi zibuma zakuda zolemera. Ine ndinati tayani uko. Koma mkamwini wanga, wokonda foni, anajambula n'kukaonetsa kwa oona za mapulani ku Balaka. Basi kunabwera galimoto ya anthu azipewa, wamkulu wawo mayi wochepa thupi. Anazunguliza chingwe pamalo panga.

"Agogo, pano anthu akale ankasungunulapo chitsulo," anatero mayiyo. "Lamulo likuti tifufuze kaye musanamange."

"Akale ake ati? Bambo anga anachoka ku Mozambique wapansi, anapeza pano pali thengo lokhalokha. Wakale pano ndine!"

"Awa ndi akale kuposa bambo anu."

"Ndiye abwera kudzagayitsa, akale anuwo?"

Anaseka, koma chingwe sanachotse. Makumbidwe awo ndiwo anandipweteketsa mutu. Anthu akuluakulu kupala dothi ndi timasupuni, n'kumalisefa ngati ufa wa phala la mwana! Ndinati ndikubwerekeni khasu timalize lero. Iyayi, akuti muswa zinthu. Uku mitambo yayamba kuda cha ku Machinga.

Ndinawafunsa mayi aja mokweza, aliyense amve. "Lamulo lanulo likulekezera pati?"

"Pachingwepa, agogo."

"Nanga kuseri kwake?"

"Uko tayang'ana kale, kulibe kanthu."

Kutacha ndinakumba maziko ena kuseri kwa chingwecho, mogundizana nacho. Mbali ya kumsewu kunali dzenje lawo, ndiye khomo ndinalitembenuza. Mkamwini uja ndinamusenzetsa zidina mpaka phewa linasupuka. Iwo akusefa, ife tikumanga. Iwo akupukuta mapale, ife tili pamwamba. Lata lomaliza tinakhoma mphepo ya mvula ikuwomba kale.

Itagwa, dzenje lawo linadzaza madzi, onse n'kuthamangira m'chigayo mwanga kudzausa, matumba a mapale ali kumanja. Ndinawalola, ine si munthu woipa. Ndinangowauza kuti agwire khomalo, amve mmene laumira.