Dothi la m'munda mwa aNaphiri

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi aphunzitsi athu a ku Mpingu. Anamva kuti kumalo ofufuzira zaulimi akufuna munthu wodziwa kulemba manambala, ndiye anandilembera kalata. Anali masiku a chitaganya, ine nditangokwatira. Anandiika m'gulu lotapa dothi, pansi pa kapitawo wina, a Kaliwo.

Azungu ankafufuza chimene chinkachititsa chimanga chikasu m'minda ina, ndipo ife tinkawabweretsera dothi. Zida zinali chitsulo chobowolera chopotana kunsonga, ndowa, timatumba ta nsalu ndi pensulo. Unkayenda mokhotakhota m'munda n'kuboola malo khumi, kuya mainchesi asanu ndi imodzi, osayandikira chulu kapena pamene anatenthapo mapesi. Dothilo unkasakaniza m'ndowa, kutapako lodzaza manja, kumanga m'kathumba, n'kulemba mudzi, mwini munda ndi nambala. Tikabwerera tinkaliyanika pamthunzi, kulisinja, kulisefa, n'kulipereka kwa mzungu woyeza.

A Kaliwo chitsulo sankachigwira. Ankagwira ndodo yolozera, ndipo dzina langa sanalitchulepo. Ndinali "iwe wa sukulu".

Kumidzi sankatifuna. Anthu ankamangidwa akapanda kulima mizere monga boma linkalamulira, ndiye aliyense wovala kabudula wa khaki anali mdani. Komanso kwathu kuno wotapa dothi m'munda mwa mnzake ndi wokawa, wofuna kusamutsa dzinthu ndi mankhwala.

Tsiku lina m'chilimwe tinapalasa njinga mpaka kufupi ndi Nambuma. A Kaliwo analoza munda wa aNaphiri, nati eni ake analankhula nawo kale, iwo akandidikira kumsewu. Ndinali pa dzenje lachisanu ndi chiwiri pamene ndinamva mapesi akulira kumbuyo. Anali aNaphiri, mwana ali kumsana, ndi alongo awo atanyamula nkhwangwa, ndi amuna ena anayi.

Sanapereke moni. Alongowo anandilanda chitsulo n'kundimenya nacho paphewa. Ndinafotokoza za chimanga chachikasu, ndinatchula a Kaliwo, koma dzinalo sanalimvepo. ANaphiri ankalankhula motsitsa.

"Amuna anga ali kundende chifukwa cha munda womwewu. Tsopano mwadzera nthaka. Ana anga adye chiyani?"

Anandilamula kubweza dothi m'dzenje lililonse ndi manja, nditagwada. Lotsala m'ndowa anati ndidye, aone ngati mulibe mankhwala. Ndinadya katatu, mchenga ukukukuta m'mano, iwo akuyang'ana. Kenaka anandiponyera ndowa yanga nati ndisadzapondenso kumeneko.

A Kaliwo ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akudya nzimbe. Anaona magazi pamalaya panga, koma sanafunse. Anafunsa kathumba. Nditanena kuti mulibe kanthu, anapala dothi la m'mbali mwa msewu ndi nsapato yawo.

"Thira ilo, ulembe dzina la mayiyo. Mzungu adziwa chiyani? Ukakana, mawa usabwere."

Ndinaganizira mkazi wanga, amene anali ndi pakati, ndipo ndinalemba.

Patapita masabata atatu mzungu woyeza anatiitana. Dothi la nambala imeneyo linali losiyana ndi la minda yonse yoyandikana nayo, ndipo anapezamo tizidutswa ta njerwa. A Kaliwo anavula chipewa, nanena mwaulemu kuti iwo anandisiya m'munda, ndipo akhala akundikayikira kuti ndine waulesi. Mzungu anandionetsa kathumba n'kufunsa ngati zolembazo zinali zanga. Zinali zanga. Phewa lotupa lija sanafune kuliona. Anandichotsa ntchito, ndipo ndinatuluka pageti dzuwa lisanafike pamutu.

Patapita zaka ndinalowanso ntchito ya zaulimi kwina, ndipo ndinakalambira momwemo. Sindinalowenso m'munda wa munthu pongomva wamkulu akunena kuti analankhula kale ndi eni ake. Ndinkayamba ndakhala pakhonde ndi mwini munda, iye n'kuboola yekha dzenje loyamba. Sindinalembenso dzina pa dothi limene sindinakumbe ndi manja anga.

ANaphiri ndi alongo awo ndilibe nawo mlandu, ankateteza chakudya cha ana. A Kaliwo anamwalira ali mkulu wa mpingo, m'mudzi woyandikana ndi wathu. Uthenga wa maliro unandipeza ndikupalira, ndipo ndinapitiriza kupalira.